Msana, mawondo ndi ukalamba ku Joni: mafunso amene abambo amafunsa pa nkhani yolimbitsa thupi

Tsamba lino ndi la abambo amene adutsa zaka 50 ndipo akukalambira kuno ku Johannesburg, komanso la amayi ndi ana amene atopa ndi kumva bambo akubuula podzuka pampando. Mafunsowa ndi omwe amamveka tikakumana kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro ndi m'magulu athu othandizana. Mayankho ake ndi okuthandizani kudziwa poyambira. Amene angakugwireni bondo, kulipinda n'kunena chomwe chavuta ndi achipatala.

Ndimagwira ntchito yakalavulagaga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mukamandiuza za mafizo, simukundinyoza?

Ayi achikulire, palibe akukunyozani. Koma funso limeneli lasocheretsa ambiri mwa ife, n'chifukwa chake tayamba nalo.

Taonani bambo wa m'gadeni ku Randburg. Wafika 7 koloko, wagwada pa njerwa za pabwalo kuzula udzu wa m'mipata, maola awiri bondo lili pouma. Akadzuka apo wagwira makina otchetchera kapinga, kenako wawerama kuwola masamba, kenako wasenza matumba a zinyalala kukasiya kugeti. Thupi latopadi. Koma minofu yomwe yagwira ntchito ndi yomweyomweyo, mopindika momwemo, kwa maola ambiri popanda kupuma, ndipo mawa lake n'chimodzimodzi. Mtima sunathamange mokwanira kuti ulimbe. Minofu ya m'matako ndi ya ntchafu, yomwe imateteza msana ndi bondo, sinapatsidwe ntchito yoikulitsa. Mapewa sanatambasukeko n'kamodzi komwe. Akatswiri a za umoyo wa pantchito anaona kale kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse siipatsa thupi phindu lomwe munthu amapeza akamachita masewera olimbitsa thupi mwa kufuna kwake. Mafizo ndi a nthawi yochepa, muyeso wake mumasankha nokha, ndipo mukatha mumapuma. Minofu imamangika nthawi yopumayo.

Mlonda ali kumbali inayo ya vuto lomweli. Maola 12 ali pampando wapulasitiki m'kanyumba ka pageti, mu July miyendo ili pafupi ndi mbaula, akadzuka chiuno chauma gwaa. Woyendetsa thiraki, telala wa ku Fordsburg, woyendetsa takisi, onsewa matupi awo akudwala kukhalitsa malo amodzi.

Timakonda kunena kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Mawu ake ndi okoma, koma ambiri tinawatenga ngati chilolezo chodzimaliza. Wantchito yolemetsa safunika kuthamanga madzulo atatopa kale. Akufunika mphindi 15 zolimbitsa minofu yomwe ntchito yake siikhudza, ndi kumasinthasintha kakhalidwe ka thupi ali pantchitopo. Wogwira ntchito chokhala akufunika kudzuka pafupipafupi ndi kuyenda ndithu.

Bondo likuwawa kale. Kuliyendetsa si kulimaliza?

Nyamakazi yomwe imagwira abambo ambiri achikulire ndi ija ya m'mawondo ndi m'chiuno, yomwe achipatala amaitcha osteoarthritis. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 528 miliyoni anali nayo, ambiri mwa iwo opitirira zaka 55, ndipo bondo ndi lomwe limagwidwa kwambiri. Mudzaidziwa ndi izi: bondo limauma m'mawa koma limamasuka pasanathe mphindi 30, limawawa potsika masitepe ndi podzuka mutakhalitsa, nthawi zina limalira mukalipinda.

Nsonga za mafupa zimakutidwa ndi chicherewecherewe choterera. Chimenechi chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'madzi a m'bondo momwemo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka bondo likamapindidwa ndi kupondedwa. Mukalisunga bondo osaliyendetsa, chicherewecherewe sichidya bwino, minofu ya ntchafu imafota, ndipo katundu yense wa thupi amagwera pa mfundo yomwe ikuwawa kaleyo. Ndiye ululu umakula, inu n'kuchepetsanso kuyenda, mpaka munthu amene ankakwera Soche wapansi akuopa masitepe a pa Park Station.

N'chifukwa chake pa nyamakazi imeneyi chithandizo choyamba chomwe achipatala amalangiza ndi masewera olimbitsa thupi, patsogolo pa jakisoni ndi opaleshoni.

Nanga pochita mafizowo ndikamva kuwawa, ndisiye?

Zimatengera kuwawa kwake. Yesani ululu wanu pakati pa 0 ndi 10. Ngati uli pa 3 kapena 4, woti mukhoza kupirira nkhope ili bwinobwino, ndipo mawa m'mawa bondo labwerera momwe linalili, pitirizani. Ngati pakutha pa maola 24 likuwawabe kuposa kale kapena latupa, mwapyola muyeso. Chepetsani ndi theka, osati kusiyiratu.

Palinso kuphwanya kwa minofu komwe kumabwera tsiku lotsatira munthu akayamba kumene. Kumakula pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako kumatha kokha. Abambo ambiri amasiyira pamenepa, amati mafizo andivulaza. Sikuvulala kumeneko.

Ululu wobaya mwadzidzidzi, bondo lofooka mwendo n'kupinda wokha, kapena lokanirira osawongoka, zimenezo imani kaye mukaonetse.

Ndi zizindikiro ziti zoti ndisadikire n'komwe?

Apa werengani modekha, chifukwa si msana uliwonse umene uli wa ukalamba.

Ngati msana ukuwawa ndipo mwayamba dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka osaumva, chimbudzi simukuchigwira, kapena miyendo ikufooka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mitsempha ya kumunsi kwa msana ikapanikizika chotero, kuchedwa kwa tsiku limodzi kukhoza kusiya chilema.

Ngati msana ukuwawa usiku mutagona phee, mukuonda popanda chifukwa, mukutuluka thukuta usiku kapena thupi likutentha, kayezetseni msanga. TB simangokhala m'mapapo, imagwiranso mafupa a msana. Madala amene munagwirapo kumigodi nthawi ya Theba, yomwe inatsekeka kwa Amalawi mu 1988, fumbi la miyala lomwe munapuma limakuikani pachiopsezo chachikulu cha TB ngakhale papita zaka zambiri. Muwauze achipatala kuti munali kumgodi, musadikire kuti akufunseni.

Khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, nayo ikafalikira imakonda kupita m'mafupa a msana ndi a chiuno, ndipo imagwira abambo achikuda kwambiri komanso msanga kuposa ena. Msana wosamva mankhwala mwa bambo wachikulire, makamaka ngati mkodzo ukubwera modukizaduka kapena mukudzuka kangapo usiku, ndi chifukwa chokwanira chopemphera kuti akuyezeni magazi a PSA, omwe amathandiza kufufuza khansa imeneyi.

Mfundo imodzi ikatupa, kutentha ndi kufiira, inu thupi n'kutentha, zimenezo ndi za tsiku lomwelo. Mukagwa n'kulephera kuponda, chimodzimodzi. Ndipo ngati poyenda kapena pokwera chitunda pachifuwa pakuthina, ululu n'kumapita kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, umenewo si mnofu. Khalani pansi, wina aimbe 112 pafoni yam'manja kapena 10177.

Chimodzi chomwe ambiri sachidziwa: katumba wa mwendo akamawawa mukayenda kamtunda, n'kuleka mukaima, n'kuyambanso mukayenda mtunda womwewo, kawirikawiri ndi mitsempha ya magazi yomwe yachepa. Zimakonda osuta fodya ndi a matenda a shuga. Kauzeni achipatala monga momwe tafotokozeramu.

Ndichite zochuluka bwanji pa sabata?

Malangizo a WHO a mu 2020 akuti munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera othamangitsako mtima pang'ono, monga kuyenda ndawala. Muyeso wake ndi woti mukhoza kuyankhula koma simungaimbe nyimbo. Awonjezerepo masiku awiri olimbitsa minofu. Amene afika zaka 65 awonjezerenso masiku atatu a masewera othandiza kuti asamadzandire, poopa kugwa.

Mphindi 150 ndi mphindi 30 masiku asanu, ndipo mukhoza kuzidula zidutswa: 10 m'mawa, 10 masana, 10 madzulo. Amene simunayambepo musayambire pamenepo. Yambani ndi mphindi 10 patsiku, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse.

Mwa zonsezi, chomwe abambo athu amachinyalanyaza kwambiri ndi kulimbitsa minofu. Munthu akadutsa zaka 30 minofu imayamba kuchepa, ndi 3 mpaka 8 pa 100 iliyonse pa zaka khumi, ndipo akadutsa 60 imachepa mofulumira. Kuyenda kokha sikubweza zimenezi.

Ndimakhala m'chipinda chimodzi ndipo ya jimu ndilibe. Ndichite chiyani?

Mpando, khoma ndi zigubu ziwiri za madzi ndi zokwanira.

Tengani mpando wolimba, muutsamiritse kukhoma kuti usatsetsereke. Khalani chakutsogolo, mapazi aponde pansi motalikirana ngati mapewa, manja muwapingase pachifuwa. Weramirani kutsogolo pang'ono, kankhani pansi ndi zidendene, imirirani mpaka chiuno chiwongoke. Tsopano khalaninso, koma pang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka katatu, matako akhudze mpando mofewa osati kudzigwetsa phii. Phindu lambiri lili pa kutsikako. Chitani ka 8 mpaka ka 12, pumani mphindi imodzi, bwerezani kawiri kapena katatu. Ngati n'kovuta, ikani pilo pampando kapena muthandizire ndi dzanja limodzi. Achipatala amagwiritsa ntchito masewera omwewa poyeza mphamvu za okalamba: amawerenga kuti munthu wadzuka kangati pa masekondi 30. Bambo wa zaka 60 mpaka 64 akalephera kufika ka 14, kapena wa zaka 65 mpaka 74 akalephera ka 12, miyendo yake yafooka kuposa anzake a msinkhu wake. Dziyeseni lero, mulembe pakalendala, mudzayesenso pakatha mwezi.

Zina ndi izi. Imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, muzipinda zigongono ndi kudzikankha. Gonani chagada mawondo opinda, muzikweza matako m'mwamba n'kuwatsitsa, amenewa ndi a msana ndi chiuno. Gwirani msana wa mpando muzikweza zidendene. Zigubu za malita 5 zija tonse tili nazo chifukwa cha kuvutavuta kwa madzi mumzinda muno, chilichonse chikadzaza ndi makilogalamu 5: chimodzi dzanja ili, china dzanja ilo, yendani nazo pabwalo mutawongoka. Pomaliza imani ndi mwendo umodzi pafupi ndi sinki, poti mukadzandira mugwire.

Okhala m'mafulati a ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville, masitepe aja mumawadandaula ndi jimu kale. Yambani ndi nsanjika imodzi kapena ziwiri, mukugwira chitsulo cha m'mbali.

Ponyamula chilichonse musamagwire mpweya. Tulutsani mpweya nthawi yomwe mukukankha, apo ayi BP imakwera mwadzidzidzi.

Ndili ndi BP ndi shuga. Ndikuloledwa?

Inde, ndipo inu ndi amene mupindule kwambiri, chifukwa kuyenda kumatsitsa zonse ziwiri. Koma yezetsani kaye, kukiliniki kapena m'mafamase ngati Clicks ndi Dis-Chem momwe muli anamwino. BP ikafika 180 pa 110 kapena kuposa, yambani mwaonana ndi achipatala. A shuga amene muli pa mankhwala, musayende mtunda ndi njala, tengani siwiti m'thumba, ndipo madzulo aliwonse muziyang'ana kuphazi ngati nsapato yakusiyirani chilonda.

Ndikayende kuti? Mzinda uno si woyenda mwachisawawa.

Zoona, ndipo palibe chifukwa chobisira. Yendani kukuwala, awiri kapena atatu, foni ili m'thumba. Njira yosavuta ndi kutsika takisi patali pang'ono ndi kuntchito n'kumaliza wapansi, m'misewu yomwe muli anthu.

Malo oyendamo aulere alipo: Zoo Lake, Emmarentia Dam, Delta Park, Rhodes Park ku Kensington, Thokoza Park ku Soweto. M'mapaki ena a mzindawu anaikamo zitsulo zochitira mafizo zomwe salipiritsa. Loweruka m'mawa 8 koloko kumakhala parkrun, ulendo wa makilomita 5 waulere, womwe kuno ku South Africa unayambira ku Delta Park mu 2011 motsogozedwa ndi Bruce Fordyce, uja anapambana mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Comrades kasanu ndi kanayi. Musaope kuti ndi za othamanga okhaokha, ambiri kumeneko amangoyenda, agogo ndi zidzukulu zawo. Ubwino wake ndi woti muli pagulu.

Dziwaninso kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ndi Lilongwe zili pa 1,000 ndi pang'ono, ndipo Mangochi ndi Nkhata Bay sizifika n'komwe pa 500 m'mphepete mwa nyanja. Wobwera kumene kuchokera kunyanja amachita befu msanga masabata oyamba. Si matenda. M'chilimwe cha kuno, kuyambira October mpaka March, mvula yamabingu imakonda masana ndi madzulo, ndipo mphenzi za kuno sizisewera. Yendani m'mawa.

Kuzizira kwa June ndi July kumandipweteka mafupa. Kodi ndiko kunandiyambitsa nyamakazi?

Kuzizira sikuyambitsa nyamakazi, koma ambiri amamva ululu kwambiri nyengo imeneyi, ndipo china mwa zifukwa zake n'choti timadzipinda m'bulangeti osayenda. Valani zofunda, yambani ndi kuyenda pang'onopang'ono mphindi zisanu thupi litenthe, ndipo ngati ntchito ikulola, sunthirani mafizo anu masana dzuwa likatuluka.

Msana wandigwira dzulo ponyamula thumba la simenti. Ndigone masiku angati?

Osapitirira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngakhale pamenepo muzidzuka kuyendayenda m'nyumba. Kale achipatala omwe ankalangiza kugona sabata yathunthu pa thabwa. Anasiya ataona kuti ogona amachira mochedwa kuposa amene akuyendayenda.

Kuwawa kwa msana ndiko kumalepheretsa anthu ntchito kuposa vuto lina lililonse padziko. WHO inati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali nako. Pa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa losweka kapena matenda oopsa, ndipo ambiri amapeza bwino mkati mwa masabata asanu ndi limodzi. Thowani ndi nsalu ya madzi ofunda, yendani timaulendo tatifupitifupi kangapo patsiku, bwererani kuntchito msanga koma mupemphe zopepuka kaye. Thumba la makilogalamu 50 lija munyamulizane awiri, kapena mugwiritse wilibala, ndipo katundu aliyense azikhala pafupi ndi mimba, osamapotoloka naye ali m'manja. Lamba wamkulu wa m'chiuno amene ena amamanga ponyamula katundu sanaonetse kuti amateteza msana.

Pali chinanso chomwe abambo sitikonda kuvomera. Nkhawa, kusowa tulo ndi fodya zimakulitsa ululu wa msana ndi kuuchedwetsa kuchira. Munthu amene akuganiza za pemiti yomwe yatha, lendi, fizi ya ana kumudzi ndi feteleza, n'kumagona maola anayi, msana wake umamva zonsezo. Ululuwo ndi weniweni, si wongoganizira, koma mankhwala ake si a m'botolo okha.

Bwanji sakundijambula X-ray? Ndikuona ngati akundipeputsa.

Pa msana wamba wopanda zizindikiro zoopsa zija, X-ray siisintha chithandizo. Komanso ikhoza kukuopsezani pachabe. Atajambula anthu amene msana sukuwawawa n'komwe, anapeza kuti mwa a zaka 60, pafupifupi 9 mwa 10 alionse ali ndi zizindikiro za kutha kwa timinofu ta pakati pa mafupa a msana. Ndi mmene msana wa munthu wamkulu umaonekera. Timawadziwa abambo amene anauzidwa kuti mafupa anu atha, n'kusiya kuwerama, kusiya kunyamula ngakhale mdzukulu, chonsecho chomwe chinawafooketsa ndi mantha.

Ndimamwa Grand-Pa m'mawa uliwonse, nthawi zina Brufen kapena Indocid. Pali vuto?

Lilipo, lalikulu. Mu Grand-Pa muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Brufen, Indocid, Voltaren ndi aspirin ndi a banja limodzi. Amathandizadi ululu, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku amatha kuboola zilonda m'mimba, kuononga impso ndi kukweza BP, ndipo munthu akamakula chiopsezocho chimakulanso. Kuphatikiza awiri a banja limeneli sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi. Amene muli ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena la impso, amene mukumwa mankhwala osungunula magazi, komanso amene muli pa ma ARV okhala ndi tenofovir, omwe nawonso amadutsa mu impso, musamwe mankhwala amenewa musanafunse. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena mwasanza zamagazi, thamangirani kuchipatala.

Panado ndi wofatsa m'mimba, koma nayenso ali ndi malire: mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, osapyola, ndipo kwa womwa mowa kwambiri malirewo ndi otsika chifukwa cha chiwindi. Kumbukirani kuti paracetamol yemwe ali mu Panado alinso mu Grand-Pa ndi m'mankhwala ambiri a chimfine. Mankhwala a ululu okhala ndi codeine amazolowereka, munthu n'kumawafuna ngakhale ululu utatha. Pa bondo, mankhwala opaka a diclofenac amathandiza ambiri ndipo salowa kwambiri m'magazi ngati akumwa.

Mankhwala a ululu agwiritseni ntchito masiku ochepa kuti muthe kuyenda. Ngati simungayambe tsiku popanda kapepala ka ufa wa Grand-Pa kaja, nkhaniyo ikufunika dokotala. Ndipo ngati minofu inayamba kuphwanya mutangoyamba mapiritsi otsitsa mafuta m'magazi, kanenani kukiliniki, musangowasiya nokha.

Chala chachikulu cha kuphazi chinatupa usiku umodzi, ngakhale bulangeti silikhudzika. Anzanga akuti ndinaponda mankhwala.

Mwafotokoza gout ndendende. Ndi matenda okonda abambo. M'magazi mukachuluka uric acid, amaundana timiyala tosongoka m'mfundo, kawirikawiri m'chala chachikulu, pakakolo kapena m'bondo. Amabwera usiku, mwadzidzidzi, n'chifukwa chake anthu amathamangira kuganiza za adani. Zomwe zimawadzutsa ndi mowa makamaka wa chimera, nyama yofiira yambiri, zam'kati monga chiwindi ndi mogodu, zakumwa zotsekemera, ndi tinsomba ngati usipa tikachuluka. Mapiritsi ena a BP okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, amakwezanso uric acid, choncho auzeni achipatala kuti aone ngati n'koyenera kusintha.

Apa pokha lamulo la kuyenda likusintha: chala chikatupa chipumitseni, chikwezeni, ikanipo chozizira. Chikaphwa bwererani ku mafizo. Ngati zikubwerabwera, pali mankhwala a tsiku ndi tsiku otchedwa allopurinol omwe amatsitsa uric acid. Gout yosasamalidwa imapundula mfundo ndi kuononga impso, pomwe ndi imodzi mwa nyamakazi zomvera mankhwala kwambiri.

Nanga kuthowa, kutikita ndi kutema mphini?

Kuthowa ndi kutikita n'kwabwino, kumafewetsa minofu ndi kuchepetsa ululu kwa kanthawi. A shuga samalani ndi madzi otentha kuphazi, chifukwa dzanzi limabisa kupsa. Mphini ayi. Lumo limabweretsa tizilombo pafupi ndi mfundo, likhoza kupatsira HIV ndi matenda a chiwindi ngati lagwira anthu angapo, ndipo mwa munthu wa shuga chilonda chake chimavuta kupola.

Akuti ndichepetse mimba. Mimba ikukhudzana bwanji ndi bondo?

Poyenda, bondo limasenza katundu woposa kulemera kwa thupi kangapo. Mukachotsa kilogalamu imodzi, mwalichotsera bondo pafupifupi makilogalamu anayi pa phazi lililonse lomwe mwaponda. Makilogalamu asanu okha amamveka.

Ambiri tinabwera kuno tili owonda, mimba tinaipeza konkuno: papa wambale yodzaza, magwinya m'mawa, kota masana, botolo la malita awiri la zoziziritsa kukhosi patebulo. Sitikunena kuti musiye nsima. Chepetsani mitanda, chulukitsani ndiwo zamasamba, zotsekemera zikhale za apo ndi apo. Koma musadzimane zomanga thupi, chifukwa minofu ya munthu wamkulu imazifuna kwambiri: nyemba, mazira, mtedza, nkhuku, chambiko chomwe kuno amati amasi, ndi nsomba za m'chitini zodyera kumodzi ndi minga yake, zomwe zimathandizanso mafupa. A gout okha ndi amene asamale ndi nsomba zimenezi.

Ndili ndi zaka 72, sindinachitepo zimenezi. Sindinachedwe?

Ayi. Minofu imamva mafizo ngakhale mwa anthu a zaka za m'ma 80 ndi 90. Yambani ndi mpando uja, wina ali pafupi. Ngati mukudzandira, ndodo si manyazi: igwireni kudzanja la mbali yomwe sikuwawa.

Lamlungu timamenya mpira ndi anyamata. Ndisiye?

Musasiye, koma musamadzione ngati mukusewerera Maule kapena Manoma. Amene amavulala kwambiri ndi bambo amene sabata yonse sanathamange, Lamlungu n'kutsika galimoto kulowa m'bwalo osatenthetsa thupi. Mtsempha waukulu wa kuchidendene ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu ndi zomwe zimaduka. Tenthetsani thupi mphindi 10, sewerani theka la nthawi, ndipo mkati mwa sabata muzichita mafizo kawiri kuti Lamlungu lisakudzidzimutseni. Mukamva ngati wina wakumenyani kuchidendene koma kumbuyo kulibe munthu, tulukani m'bwalo mupite kuchipatala.

Kunena mosabisa, msanawu ukusokoneza za m'banja. Mankhwala a msana ogulitsa m'misewu angathandize?

Zambiri zogulitsidwa m'mabotolo osalemba zomwe muli, simungadziwe chomwe mukumwa, ndipo zina zimalimbana ndi mankhwala a mtima ndi a BP. Kufooka kwa mphamvu zachibambo nthawi zambiri sikuchokera kumsana. Kumachokera ku mitsempha ya magazi, shuga, fodya, mowa ndi nkhawa, ndipo nthawi zina ndi chenjezo loyamba la matenda a mtima. Kuyenda ndawala ndi kuchepetsa mimba zimathandiza mbali imeneyinso. Muuzeni dokotala, anazimvapo kambirimbiri.

Fiziyo ndingamupeze kuti, ndipo mlendo ngati ine andilandira?

Yambirani kukiliniki ya m'dera lanu. Akaona kuti n'koyenera amakulemberani kalata yopita kwa a fiziyo kapena madokotala a mafupa, kuzipatala ngati Helen Joseph, Charlotte Maxeke, South Rand ku Rosettenville kapena Chris Hani Baragwanath. Tengani pasipoti kapena chikalata chilichonse chomwe muli nacho, ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mukumwa, ogula nokha omwe. Si chinsinsi kuti alendo amakumana ndi zokhoma pamageti ena, koma Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene angakanizidwe chithandizo chadzidzidzi.

Ngati mwavulala muli pantchito, nenani kwa abwana tsiku lomwelo, makamaka polemba uthenga pafoni kuti pakhale umboni. Lamulo la chipukuta misozi la COIDA la mu 1993 limati olemba ntchito akanene za ngoziyo pasanathe masiku 7. Kuyambira November 2020, khothi la Constitutional Court litagamula, ogwira ntchito m'makomo, a m'gadeni omwe, nawonso ali m'lamulo limeneli.

Ndikupita kumudzi pa Khirisimasi. Ulendo wa basi umandimaliza msana ndi miyendo. Ndichite bwanji?

Kuchoka pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kulowa pa Mwanza ndi ulendo wopitirira usana ndi usiku muli chokhala, nthawi zina chikwama chili pamiyendo. Pemphani mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti muziwongola mwendo. Pindani juzi muike kumsana, chakumunsi. Ola lililonse muzipinda ndi kuwongola mapazi kambirimbiri. Basi ikaima paliponse tsikani muyende, ngakhale simukufuna kutaya madzi, ndipo pamzere wa pachipata musangoima njii, muzikweza zidendene. Imwani madzi. Ambiri amadzimana poopa kuvutitsa dalaivala, koma kukhalitsa kophatikiza ndi ludzu ndiko kumaundanitsa magazi m'mitsempha ya mwendo.

Mukafika, kaya ndi masiku angapo pambuyo pake, mukaona mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kuwawa pakatumba, musautikite ndipo musauthowe. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muwauze kuti mwangotsika basi yochokera ku Joni. Mukayamba kubanika kapena kumva kubaya pachifuwa, imeneyo ndi ngozi yadzidzidzi.

Ndipo December ndi nthawi yopalira. Khasu munalisiya zaka zambiri, achibale akuyang'ana kuti aone ngati mtchona adakali ndi mphamvu. Tsiku loyamba limani ola limodzi basi, muziwongoka pakutha pa mzere uliwonse, zotsalazo mulembe aganyu.